Mizere Inayi ya Adalaivala

Pulinta itasiya kulira, asekeletale anatenga pepala likadali lofunda n'kuwapatsira adalaivala, omwe anali ataima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja.

"Nayi kalata yanu ya umboni, bambo. Abwana akangosaina, basi."

Adalaivalawo anali atagwira ntchito pakampanipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo tsopano ankasamuka. Akazi awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, choncho mwana wawo wamkazi anawaitana kuti akakhale pafupi naye azikathandizana kudwazika. Kumeneko kunali kampani ina yofuna dalaivala, koma inati apite ndi kalata.

Anaiwerenga pang'onopang'ono, kenako anatembenuza pepalalo kuona kuseri.

"Yathera pomwepa, mayi?"

"Ndi mmene templeti ilili, bambo."

"Zaka zonsezi mizere inayi. Ndiye kuti ndinkangogona m'galimotomo eti," anatero akuseka.

Asekeletale anasekako, koma mtima unawawawa.

Templetiyo inabwera ndi abwana atsopano. Kale aliyense ankalemba kalata mmene wafunira: wina zilembo zikuluzikulu, wina kuiwala deti, wina kuika chizindikiro cha kampani m'munsi. Abwanawo anakonzeratu kalata imodzi pakompyuta, yongodzazamo dzina, udindo ndi madeti, n'kulamula kuti wina asasinthemo kanthu. Asekeletale ankaikonda chifukwa inawapeputsira ntchito. Koma tsiku limeneli anatenga pepalalo n'kukagogoda kwa abwana.

"Bwana, templeti ija ili bwino, koma bambo awa yawachepera."

"Mukaisintha lero, mawa aliyense ayambiranso zake zija," anayankha abwana, maso ali pakompyuta.

"Sindikuchotsamo kanthu. Ndikungopempha malo. Kumene akupitako ofuna ntchito ndi ambiri, ndipo ndi achinyamata. Kalata iyi iwasiyanitsa bwanji ndi munthu woti wayamba chaka chatha?"

Abwana analandira pepalalo n'kuliwerenga. Kenako anadzuka n'kutsagana ndi asekeletalewo ku desiki yawo.

"Tsegulani templetiyo. Pansi pa madeti muike malo ena, mutu wake ukhale 'Mmene tikumudziwira.' Malowo akhale a aliyense, osati awa okha. Zilembo zikhale zomwezo, musandikongoletsere."

Asekeletale anayamba kutaipa: kuti bambowa sanachitepo ngozi, kuti ankafika anthu onse asanafike, kuti galimoto ankaisamala ngati yawo. Kenako anaima.

"Ndilembemonso zoti anathamangira nane kuchipatala tsiku lomwe matenda oti ndibereke mwana wanga woyamba anandiyambira muofesi muno?"

"Lembani kuti pakagwa zadzidzidzi sanjenjemera," anatero abwana.

"Limenelo ndi bodza, bwana," anayankhira pakhomo adalaivala. "Tsiku limenelo ndinanjenjemera mpaka kuiwala kumene kuli magiya. Mayiwa ndi amene ankandiuza kuti ndilimbe mtima."

"Koma munandifikitsa," anatero asekeletale, n'kupitiriza kutaipa.

Kalata yachiwiri inadzaza tsamba lonse. Abwana anasaina, asekeletale n'kudinda chidindo. Adalaivala anaiwerenga ataimirira, ndipo atafika kumapeto anayambiranso pamwamba. Ulendo uno sanaseke.

Asekeletale anatenga envulopu yaing'ono kuti aipindiremo, koma adalaivala anawaletsa.

"Ngati ilipo yaikulu mundipatse imeneyo, mayi, isapindike. Ndikufuna ndikayambe ndawawerengera amayi kunyumba."