Zigubu Zitatu za Domingas

Venâncio anabwerera ku Tete patatha zaka makumi atatu ndi chimodzi, atasenza nyumba yake ngati kamba. Inali galimoto yoyera yakalekale, ya bedi, mbaula, kampopi ndi kabafa m'kati, imene anagula kwa mzungu wina wokalamba ku Joni. Anaiimika pansi pa msawu pabwalo la mlongo wake Domingas ku Matundo, n'kunena kuti asavutike kumukonzera chipinda.

"Zonse ndili nazo umu, achemwali."

M'nyumba sanagonemo. Madzi a mumtsuko sanamwe. Bafa la kuseri, la malata anayi ndi mwala wopondapo, analisuzumira kamodzi n'kubwerera. Tete amene iye ankamukumbukira anali wa mlatho umodzi ndi anthu odziwa kupereka moni. Wa lero anali wa milatho iwiri, fumbi la malasha, ndi anthu omufunsa kuti kwawo n'kuti.

Chimene chinamubweretsa chinali chiliza. Mayi awo anamwalira iye ali ku Joni, ndipo kumaliro sanabwere. Tsopano abale anali atamanga chiliza ku Ulongwe, mwambo wake Loweruka m'mawa. Venâncio ankafuna kukatsika m'nyumba yoyendayo pamaso pa onse amene ankamutchula mtchona, aone okha chimene chinamuchedwetsa.

Koma dzuwa la ku Tete silidziwa kuti munthu wachokera ku Joni. Pofika Lachitatu kampopi kaja kanauma, ndipo Venâncio anakhala masiku awiri osasamba, akudzipukuta ndi kansalu, akudandaula mokweza kuti mlongo wake amve.

Lachisanu m'mawa anavala shati loyera, nakhala pachiwongolero. Kamuvi ka mafuta, kamene dzulo kanali pafupi kugona, kanali kataimirira. Anamwetulira.

"Mukuona, achemwali? Galimoto za azungu zikapuma, mafuta amabwerera."

Domingas anangokweza dengu lake la ulendo.

Injini inalira bwino ndithu. Galimoto inayenda mpaka pachipata, n'kutsokomola katatu, n'kuzima. Venâncio anapotoza kiyi. Inangoti *gwe-gwe-gwe*, osagwira. Anapotozanso mpaka thukuta linaboola shati.

Anthu a ku Matundo sasowa pamene galimoto yafa. Wina anati ndi bateriya, nagogoda mitu yake ndi mwala. Wina anati ndi mafuzi, nawazula onse, n'kuwabwezera mmene anawakumbukirira. Amuna asanu ndi mmodzi anaikankha mpaka kumsewu, ndipo itakana anaikankhanso kubwerera nayo pansi pa msawu. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma ananena, osati motsitsa mawu kwenikweni, kuti mwina mwini chiliza sakufuna alendo ochedwa.

Dzuwa lili pamutu anabwera mesitiri Reginaldo, makaniko wa machapa, maminibasi a kumeneko, atanyamula sipanala ziwiri ndi botolo lopanda kanthu. Anamvetsera injini kamodzi kokha.

"Bateriya ili moyo, bwana. Muisiye, yamenyedwa mokwanira."

"Iyi si chapa, mesitiri. Injini yake ndi ya ku Ulaya."

"Ya ku Ulaya imadyanso mafuta a gazolyo ngati zathuzi. Tione chimene yadya."

Anagwada, namasula kamsomali pansi pa sefa ya mafuta, natchera botolo. Zimene zinatuluka zinali zoyera mbee, timadontho ta mafuta tikuyandama pamwamba. Ananunkhiza, naviika chala, nalawa.

"Uyu ndi Zambezi, bwana."

Venâncio anamva kuzizira kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Tete. Anali akudziwa kale kuti kwawo kuli anthu a kaduka. Anatembenukira khamu lija n'kufunsa kuti ndani wamuchita chipongwe chotere.

"Ndine," anatero Domingas. Anali atakhala pa dengu lake, akusenda masawu. "Zigubu zitatu. Mpopi wa kwa aneba athu a Esperança umatuluka m'mamawa mokha, ndiye ndinapita katatu. Khosi likundiwawa mpaka pano."

"Mwathira madzi m'tanki ya mafuta?"

"Ndathira m'bowo limene linatseguka, achimwene. Ndimati mukagwade pa manda a amayi mutasamba. Bafa lathu munalikana."

Mesitiri Reginaldo anazungulira galimoto ija, anthu akumutsatira ngati akuyendera munda. M'mbali mwake munali mabowo awiri oyandikana, zolemba zake zitafufutika ndi dzuwa. La mafuta linali ndi chivindikiro chakutha, choti ndi mwana yemwe akhoza kutsegula. La madzi linali ndi loko watsopano, wonyezimira.

"Zachilendo izi," anatero mesitiri. "Ife kuno timakhoma mafuta. Inu mumakhoma madzi?"

Venâncio anagwira kachingwe ka m'khosi mwake, pamene panali kiyi wa lokoyo. Anamugula ku Joni sabata yonyamukira, mnzake wina atamuchenjeza kuti munthu wobwerera kwawo ndi chuma asamale chimene akumwa.

Domingas anayang'ana loko, nayang'ana kachingwe, ndipo anasiya kusenda masawu.

"Ooh," anatero. "Mumaopa kuti tikuthirirani."

"Si choncho, achemwali."

"Ayi, n'zomveka. Munthu wa bedi la m'galimoto ndi wofunika kumulodza."

Wina anaseka kumbuyo, mayi wa nsomba uja n'kumugunda ndi chigongono kuti amve bwino zotsatira.

Mesitiri Reginaldo anapukuta manja. Anati tanki iyenera kutsitsidwa, mapaipi kupopedwa, sefa kusinthidwa, ndipo sefa ya mtundu umenewo ayenera kukaisaka kutsidya, mumzinda. Lolemba, Mulungu akalola. Venâncio anati mwambo ndi mawa. Mesitiri anati akudziwa, ndipo chapa yomaliza ya ku Angónia, kumene kuli Ulongwe, imanyamuka ikadzaza, siidikira anthu a ku Joni.

Khamu linamwazika pang'onopang'ono, lokhuta. Venâncio anatsala ataima pafupi ndi nyumba yake yakufa, shati litamatirira kumsana, manja akununkha gazolyo. Fungo la masiku awiri aja nalonso linali litayamba kudzilankhulira.

Domingas analowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa, sopo ndi chitenje chakale, nakaziika m'bafa la malata lija.

"Chatsala chigubu chimodzi, chimene ndimati ndisambe ine," anatero. "Fulumirani. Ngati mukuopa, ndiyambe ndalawa."

Anasamba ataponda pa mwala uja, mutu ukuonekera pamwamba pa malata.

Mu chapa anamukhazika kumbuyo kwenikweni, pakati pa thumba la nsomba ndi mnyamata wa ku migodi ya Moatize amene anagona paphewa pake asanatuluke n'komwe mu Matundo. Wolipiritsa anamuyang'ana shati ndi nsapato, n'kufunsa Domingas kuti mkuluyu akatsikira kuti.

"Kwathu," anatero Domingas. "Ndikamulozera. Sakudziwako."