Mkamwini Wanga 8128

Ndinalota nambala itabwera kudzakwatira mwana wanga Ndaziona. Dzina lake linali 8128. Inavala jekete lotuwa, ndipo polowa pabwalo inagwada mwaulemu. Pogwadapo inayalika ngati mulu wa tomato pamsika: mzere wapansi 127, wotsatira 126, kumachepa chomwecho mpaka kansonga. Ine mtima unangoti myaa. Mkamwini wooneka bwino chotere sindinamuonepo.

Nkhoswe yathu anali malume a Kamtedza, omwe tinawaika kalekale. Anafika ndi dothi m'makutu, thadzi la chinkhoswe lili kukhwapa. Ananena kuti mwana wathu sapita kwa munthu wosadziwika mtundu, choncho aitanidwe onse amene amagawa mnyamatayu popanda chotsala, chifukwa abale a nambala ndi amenewo.

Chitseko cha khitchini chinatseguka, kuseri kwake kuli msewu wafumbi. Anayamba kulowa a 4064, achimwene ake, theka lenileni la mkamwini. Kenako 2032, 1016, 508, 254, aliyense theka la mnzake, mphuno imodzimodzi. Pambuyo pawo panali nkhalamba yowuma gwa, a 127. Anthu ankanong'onezana kuti amenewo sagawika, olo ubwere ndi nkhwangwa. Akuchikazi analowera pawindo, a 64 ndi ana awo mpaka kamtsikana kotchedwa 2. Onse anakhala pamphasa imodzi, mphasayo n'kumatalika yokha.

Malume anafotokoza mwambo. Abale akaphatikizidwa n'kuchepera mwini wake, banjalo ndi loperewera, mkazi akadwala adzasowa womuphikira phala. Akapitirira, ndi losefukira, adzakudyerani ndi mbewu yomwe. Koma alipo ena, osowa kwambiri, amene abale awo amakwana ndendende. Amenewo ndiwo angwiro.

Thadzi lija ndilo linkawerenga. Linajompha pansi kwa mlendo aliyense, kenako linakweza mutu.

"8127," linatero. "Pepani, kwaperewera mmodzi."

Malume anayamba kumanganso miyendo ya thadzi kuti abwerere nalo kumanda. Ndaziona, yemwe anali atafundidwa chitenje kumutu monga achitira ndi mkwatibwi, ankalira mosatulutsa mawu, chitenje chokha chikunjenjemera. Zinandiwawa. Mnyamata wabwinobwino kukanidwa chifukwa cha mmodzi yekha! Ndinayamba kukalipa kuti wachibale wotani wosabwera pa tsiku ngati ili, ulesi wake kapena kaduka, anthu ena Mulungu awaone.

A 127 anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mmodzi amagawa nambala iliyonse. Ndi mbale wa tonse. Taonani pamene mwakhala."

Ndinayang'ana. Mbali yathu ya bwalo kunalibe wina. Bambo ake a Ndaziona anapita, malume ndi akufa, mwana ali pansi pa chitenje. Pampando panali ine ndekha, manja ndapinda, ndipo chiyambire mwambo ndinali ndisanayankhule mawu ovomera.

Ndinafunsa malume ngati ndikawolokera pamphasa ija ndidzabwereranso kuno. Anati ayi.

Ndinavula nsapato. Pakati pa mpando ndi mphasa panadutsa mtsinje, madzi ake ofika m'mawondo, ozizira. Kamtsikana ka 2 kanasendera kundipatsa malo. Thadzi linajompha patsogolo panga kamodzi, ndipo malume analimasula chingwe cha m'miyendo.

Nditadzuka, Ndaziona anali akusesa panja, mwakachetechete monga wakhala akuchitira chibwerere anthu a kwa mnyamata wake kudzamufunsira, ine n'kuwabweza. Ndinamuitana, miyendo yanga ikadali yozizira.

"Kawauze abwere Loweruka. Ndipo thadzi lathu lakuda lija usaphe, ndi la chinkhoswe."