Pensulo Yofiira ya Mkonzi

Mneneri wa chipani chotsutsa boma anali atakhala kale pa mpando wa malemu pamene mayi, mkazi wa malemuyo, analowa ndi tiyi. Palibe amene anamulozera pamenepo. Mpandowo ndi umene malemu mkonziyo anakhalapo zaka makumi awiri akulemba nyuzipepala yake ya masamba asanu ndi atatu, ndipo ngakhale mphaka wa pakhomopo ankaupatsa ulemu. Koma munthu wobwera pa galimoto saona zoterezi. Panali patangopita masiku atatu chiikireni maliro.

"Pepani ndithu, mayi, tataya mkango," anatero mneneriyo akutulutsa pepala m'chikwama. "Koma mkangowo watisiyira kubangula komaliza. Nkhani iyi anaitayipa Lolemba, Lachitatu n'kutisiya. Ituluke sabata ino pa tsamba loyamba, chithunzi chawo pamwamba. Chisankho chatsala milungu isanu."

Mwana woyamba wa malemu, amene ntchito yake inali kusakira nyuzipepalayo otsatsa malonda, analandira pepalalo ndi manja awiri. Kumanda komwe anali atanong'onezedwa ndi achipani kuti ukonzi ndi wake, bola asonyeze kuti ndi mwana wa bambo ake. Anawerenga mokweza. Zinali za masiku onse: boma lopemphetsa, nduna zonenepa ndi thandizo lakunja, dziko loyenda ndi mbale m'manja. Anthu ankagulira nyuzipepalayo zomwezi, ndipo kunena zoona malemu ankadziwa kutukwana mokoma. Koma ndime yomaliza inali yachilendo. Inkatchula kachipatala ka kuseri kwa msika, kamene mankhwala ake amachokera ku bungwe lakunja, n'kuuza achinyamata kuti akatseke chipata chake mpaka alendowo atalongedza katundu.

Mlongo wake wa mwanayo, namwino wa pachipatalapo, anali ataima pakhomo manja atapinda.

"Tabwerezani pamenepo, achimwene."

"Wamva kale iwe."

"Ndamvadi. Anthu mazana anayi amatenga mankhwala pa zenera langa mwezi ndi mwezi. Mukatseka chipata akatenge kuti? Kunyumba kwa a mneneriwa?"

Mneneri anaseka, kuseka kwa munthu wozolowera kuomberedwa m'manja. "Achemwali, izi ndi ndale basi. Palibe akufuna kuti munthu afe. Tikungofuna boma lichite manyazi, anthu aone kuti likudyera m'manja mwa alendo. Tikalowa ife, alendo omwewo tidzawaitana n'kudya nawo ku hotela. Si mmene zimakhalira?"

"Chaka chatha munanena zomwezo pamsonkhano za mjigo wa kusukulu. Anyamata anu anakauzula. Ana mpaka lero akumwa madzi a m'chithaphwi, inu muli phee."

"Iwe, takhala chete!" anakalipa mchimwene wake. "Makina otayipira a bambo awa, ndikuwadziwa kalembedwe kake. Ukufuna ndibise mawu awo omaliza chifukwa cha ntchito yako?"

Mayi anatsiriza kuthira tiyi, osataya ngakhale dontho. Anali mkazi wosafulumira, ndipo malemu yemwe, amene nduna zinkamuopa, ankatsitsa mawu akamalankhula nawo.

"Bambo mneneri," anatero, "mwabwera ndi pepala loyera. Lakuda lili kuti?"

"Lakuda lake liti, mayi?"

"Ha! Zaka zonsezi osadziwa? Amuna anga sankatayipa popanda kaboni. Pepala lapamwamba ankakutumizirani inu kuti mitima ikhale m'malo. Lapansi ankandiwerengera ine ndikusita zovala, pensulo yofiira ili kukhutu. Limenelo ndi limene linkapita kwa wosindikiza. Simunaonepo kuti zina zimene munkawauza pa foni sizinkatuluka? Inutu mumangoyang'ana mutu wankhani ndi chithunzi chanu."

Ananyamula makina otayipirawo mbali imodzi n'kusolola pepala limene linali pansi pake. Analiyala patebulo, n'kulisalaza ndi chikhatho.

Nkhani inali yomweyo. Pa ndime ya nduna malemu sanachotse kanthu, m'malo mwake anawonjezera mchere: pamene panalembedwa kuti zonenepa, iye anaikapo kuti zotupa. Koma ndime ya chipatala inali itadulidwa ndi mizere iwiri yofiira, yozama mpaka kuboola pepala. M'mbali mwake, dzanja la munthu wodwala linali litalemba kuti: Luma nduna, usalume odwala.

Namwino anatembenukira kukhoma n'kupukuta maso.

"Malemu anali atafooka, mutu sunkagwira bwino," anatero mneneri, kuseka kuja kutathawa. Kenaka anayang'ana mwana woyamba uja. "Pepala loyera lili m'manja mwako. Ikapo chidindo cha nyuzipepala, wosindikiza salikana. Ukonzi ukuufuna kapena ayi? Mwayi subwera kawiri."

Ankaufuna, tisanamizane. Anali atatopa ndi kuyenda sitolo ndi sitolo, nsapato zikutha, eni masitolo akumuuza kuti abwere mawa. Ankafuna kuti ana ake azinena kusukulu kuti bambo awo ndi mkonzi. Anakoka kabati ya tebulo kuti atenge chidindo.

Chidindo chinalimo. Pambali pake panali pensulo yofiira ija, itafupika ngati chala chaching'ono, ndi kamtolo ka timapepala tomata tomangidwa ndi ulusi. Kalikonse kanali ndi chizindikiro cha bungwe lakunja lija.

"Izi n'chiyani?" anafunsa.

Namwino anayandikira n'kutiyang'anitsitsa. "Bambo ankabwera pa zenera langa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, kudzatenga mankhwala a mtima. Ankaima pamzere ngati wina aliyense, osalola kuti ndiwadutsitse. Akafika kuno ankamatula kapepala ka pa botolo kuti anzawo a chipani asaone. Ine ndinkayesa ankataya."

Mchimwene wake anamasula ulusi. Kuseri kwa kapepala kalikonse kunali deti ndi liwu limodzi lofiira: Zikomo. Anatembenuza kachiwiri, kachitatu, kachikhumi. Zaka zisanu ndi chimodzi, osaphonya mwezi.

Anabwezera chidindo m'kabati. Anatenga pensulo, n'kuyala pepala loyera lija pamaso pa mneneri, n'kudula ndime yomaliza ndi mizere iwiri.

"Ituluka ya kaboni," anatero. "Nduna tiziluma ndithu, musadandaule, mano bambo anatisiyira. Za ukonzizo kambiranani kuchipani, mudzandiuze. Koma pakali pano tadzukani, mpandowo ndi wa bambo anga."

Mneneri anadzuka. Anaona nkhope ya mayi, n'kunyamula chikwama chake. Tiyi wake anamusiya akufuka nthunzi, ndipo galimoto yake inatuluka pachipata mwaukali ngati kuti chipatacho ndicho chinamulakwira.

Mayi anasonkhanitsa makapu. Kenaka anapita pa zenera pamene panali botolo lomaliza la mankhwala, lodzaza theka, kapepala kake kakadali pomwepo. Mwezi uno mwini wake sanathe kukamatula. Anakamatula pang'onopang'ono ndi chikhadabo kuti kasang'ambike, anakatembenuza patebulo, n'kukakankhira kwa mwana wawo woyamba uja pamodzi ndi pensulo.

"Deti uyambe ndi tsiku, kenaka mwezi," anatero. "Ndi mmene ankalembera."