Mluzu wa Vaikaunti

Uthengawo unabwera Lachinayi m'mawa, a Salome Nangozo ali kudimba, koma anaumva dzuwa litapendeka. Kwawoko, m'mapiri a ku Tsangano, foni imagwira netiweki pa chulu cha kuseri kwa khola pokha. Anakwera pachulupo mpango uli kukhosi, mphepo ya mu Juni ikuwalowa m'mafupa, n'kuika foni pakhutu. Anali mawu a Sheila, mwana wawo wotsiriza, namwino wa ku Mangalande.

"Amayi, Loweruka mutsikire ku boma. Pofika 11 koloko mukhale muli kushopu kwa azakhali a Zubeda, ndidzakuimbirani pa vidiyo. Ndaipeza ndege yanu ija."

Anaumvetsera kachiwiri, kenako kachitatu. Nkhuku zinalowa zokha m'khola tsiku limenelo.

Pamudzipo a Salome ankadziwika ndi mbatata ya kachewere komanso mawu awo anthetemya pa kwaya ya amayi. Anali ochepa amene ankakumbukira kuti kuyambira mu 1973 mayiyu anagwirapo ntchito m'ndege, yosamalira anthu apaulendo. Anali mtsikana wamtali, Chingelezi chake chakumishoni chosadodoma, ndipo pa atsikana ambirimbiri amene anakaonekera ku Blantyre anatengedwa asanu okha. Ndege yawo inali ya mtundu wa Viscount, imene iwo ndi anzawo ankangoti Vaikaunti. Inkawatengera ku Lilongwe, ku Ndola, ku Beira, ku Salisbury. Mu 1979 mayi awo anadwala matenda opha ziwalo, iwo n'kupempha tchuthi cha miyezi itatu. Mayiwo anagona pamphasa zaka zinayi. Pamene ankamwalira mayiwo, a Salome anali atakwatiwa kale ndi a Elson, mphunzitsi wa papulayimale, ali ndi mwana kumsana. Sanakwerenso ndege kuchokera pamenepo. Achinyamata akamva nkhaniyi ankayang'ana zidendene zawo zong'aluka n'kumwetulira mwaulemu, mpaka iwo anasiya kuikamba.

Loweruka analawirira. Anakwera lole ya mbatata mpaka pamsewu wa phula, n'kupeza minibasi yopita ku Ntcheu boma. Anavala chitenje chatsopano ndi nsapato zakutchalitchi, ngakhale ankadziwa kuti pafoni pamaoneka nkhope yokha.

Shopu ya a Zubeda inali pafupi ndi msika, yogulitsa nsalu, shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Azimayi awiriwa anadziwana kalekale m'chipinda cha amayi oyembekezera pachipatala cha boma, mabedi awo atayandikana, ndipo chibwenzi chawo sichinathe ngakhale wina amapemphera Lachisanu wina Lamulungu.

"Amake Sheila, mwatchena ngati mukupita kuukwati!" anatero a Zubeda, akuwakokera mpando kuseri kwa kauntala.

"Ndisiyeni, amake Akram. Mtima ukungogunda ngati ndaba."

Anatsamiritsa foni pa paketi ya shuga. Nthawi itadutsa pang'ono foniyo inalira, nkhope ya Sheila n'kuonekera, atavala jekete, kumbuyo kwake kuli denga lalitali lamalata.

"Amayi, mukundiona? Kuno ndi kumene amasungirako ndege zakale kuti anthu azidzaona. Zilipo zambiri, zina zankhondo, zina zonyamula anthu. Taonani iyi."

Foni inatembenuka. A Salome anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Ndege inaima phee pasimenti, mphuno yake yobulungira, mapulopela anayi ali chilili, chingwe chofiira chitaizungulira. Anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Si yathu iyo," anatero pansipansi. "Utotowo si wathu."

"Ndikudziwa, Amayi. Iyi inkauluka konkuno. Koma mtundu wake ndi womwewo, eti?"

"Ndi womwewo. Tayandikira. Akukuloleza kulowa?"

Sheila anakwera masitepe. Chithunzi chinagwedezeka, kunada pang'ono, kenako panaoneka mipando, kanjira kapakati, ndi mazenera aakulu aja ooneka ngati dzira. A Salome anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Ee, ee, mazenera amenewo. Amake Akram, mukuwaona? Munthu umatha kuona dziko lonse osapinda khosi. Sheila, pita kumbuyo. Khala pampando wachitatu kuchokera kumapeto, dzanja lamanzere. Ukuona chiyani panja?"

"Khoma, Amayi. Ndi phiko la ndege ina."

A Salome anaseka. Anafotokoza, osadziwa ngati akuuza mwana wawo kapena a Zubeda, kuti ulendo wochoka ku Chileka kupita ku Lilongwe unkadutsa pamwamba penipeni pa kwawo. Pakatha kanthawi atanyamuka, iwo ankanamizira kuti akutola makapu pampando umenewo, n'kuwerama pazenera. Mapiri ankaoneka ngati mizere ya m'munda, misewu ngati ulusi wofiira. Mayi awo ankati akamva ndege Lachiwiri m'mawa amasiya khasu, n'kuvula mpango kumutu, n'kumaukupiza m'mwamba.

"Munkawaona?" anafunsa a Zubeda.

"Ndikanawaona bwanji? Ngakhale ng'ombe sinkaoneka. Koma ndikabwera patchuthi ndinkati ndinakuonani, Amayi, munavala mpango wobiriwira. Iwo n'kumasangalala. Anali ndi mpango umodzi wokha."

Mayi wina analowa kudzagula sopo, a Zubeda n'kumupatsa osayang'ana n'komwe.

"Sheila, mukumveka fungo lanji mmenemo?"

"Fungo? Ngati m'tchalitchi chimene sichinatsegulidwe mwezi wathunthu. Fumbi ndi kapeti yakale."

"Ayi, ndiye yafadi. Munkayenera kumveka khofi, fodya wa azibambo akumbuyo, ndi kafungo ka palafini kolowera pakhomo."

Pamenepo panamveka mawu a mwamuna, ndipo pachithunzi panabwera nkhalamba yachizungu ya tsitsi loyera, itavala ovolosi. Sheila anati amenewa ndi a Ian, amene kale ankakonza injini za ndege zoterezi, ndipo tsopano amabwera Loweruka lililonse kudzapukuta iyi ndi kulandira alendo, mongodzipereka. Anali atamva Sheila akuyankhula chilankhulo chachilendo m'ndege mwawo, n'kufunsa.

A Salome anawongola msana. Chingelezi chinayamba mokakamira ngati chitseko chadzimbiri, koma posakhalitsa chinatseguka. A Zubeda anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi anali asanawamvepo mnzawoyo akuyankhula chonchi.

A Ian anafunsa kuti ankauluka kuti, zaka ziti, anthu angati. Anafunsa mmene ankaperekera tiyi ndege ikamagwedezeka m'mitambo ya mvula, a Salome n'kuwaonetsa ndi manja: mapazi motalikirana, chigongono chotsamira pampando, kapu osadzaza. Anawauza za amalonda achimwenye amene ankanyamula masamusa awoawo, za mwana wodwala amene anamufukata ulendo wonse wa ku Salisbury chifukwa mayi ake anali atakomoka ndi mantha, ndi za Janeti, mnzawo wa ku Zomba, amene ankaimba nyimbo za kwaya potsuka makapu ndipo sakudziwa ngati ali moyo. A Ian ankalemba m'kabuku. Anati ndege zimenezi anazipanga zoposa mazana anayi, ndipo pamene zinkayamba anthu ankadabwa kuti kapu ya madzi imatha kukhala patebulo osatayika. Lero zatsala zowerengeka, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ikuuluka.

"Nanga zathu zija zinapita kuti?" anafunsa a Salome.

Nkhalambayo inakanda m'mutu. Inati sikudziwa, koma ikafufuza m'mabuku. Kenako inati, "Dikirani, mayi. Pali chinthu china chimene mungachizindikire."

Anatuluka m'ndegemo, Sheila akuwatsatira, mpaka pa kabokosi kokhala ndi batani pafupi ndi phiko, kosungira mawu a injini za ndegeyo amene anawajambula kale. A Ian analidina.

Poyamba kunali kung'ung'udza chabe, chapansipansi. Kenako mawuwo anayamba kukwera, kukwera, n'kusanduka mluzu wautali wobaya m'makutu, wina n'kulowa pamwamba pake, wachitatu, wachinayi. Kafoni kaja kananjenjemera pa paketi ya shuga. Bambo wina amene ankasankha nsalu anatembenuka. Wakabaza amene anaima pakhonde anasuzumira m'kati.

A Salome anapezeka ataimirira. Sanadziwe kuti aimirira liti. Manja anali atawapinda kutsogolo, chibwano chili m'mwamba, ndipo mawu anangotuluka okha, oyera, osapunthwa:

"Amayi ndi abambo, takulandirani. Chonde mangani malamba anu, wongolani mipando yanu, ndipo zimitsani fodya. Ulendo wathu wopita ku Lilongwe..."

Anaima pomwepo. Mluzu uja unali utatha. M'shopu munali zii, kunja minibasi ikuitanira a ku Balaka. Bambo wa nsalu uja anaomba m'manja kamodzi, n'kuchita manyazi, n'kusiya. A Salome anakhala pansi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Amayi, muli bwino?" anafunsa Sheila.

"Ndili bwino, mwanawe. Uwauze abambowo ayambenso."

Anaumvera kachiwiri ali chikhalire, maso ali chitsinzire. Usanathe, chithunzi chinauma, nkhope ya Sheila ili chammbali, foni n'kuduka. Anayesa kuimbanso koma sizinatheke.

A Zubeda anatseka chitseko chimodzi cha shopu, n'kuthira tiyi wa m'fulasiki m'makapu awiri. Anayamba kumwa.

"Ine ndinkayesa munkangokokomeza," anatero a Zubeda. "Mundikhululukire."

"Nanenso masiku ena ndimayesa ndinalota."

"Ndiye ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu. Akram wandilembetsa ulendo wa ku Makka chaka chamawa. Ndakhala ndikuupempha kwa Mulungu moyo wanga wonse, koma tsopano tulo sindikupeza. Ndege, amake Sheila. Ine ngakhale pamlatho ndimatsinzina."

A Salome anaika kapu pansi. Nkhope yawo inasintha, inakhala ya munthu amene ali pantchito.

"Mukapemphe mpando wapazenera. Mukakhala pakati m'pamene mantha amakula, chifukwa simuona chimene chikuchitika. Mutenge masiwiti, ikamanyamuka muziyamwa, makutu sapweteka. Ikagwedezeka muziyang'ana atsikana ogwira ntchitowo. Akamayendabe ndi thireyi, dziwani kuti palibe kanthu."

"Nanga akakhala pansi?"

"Ndiye muzipemphera. Inu simuvutika, mapemphero muli nawo ambiri."

Anaseka mpaka a Zubeda anatsamwa ndi tiyi.

Patapita masabata atatu Sheila anatumiza yankho la a Ian. Ndege zimene a Salome ankagwiramo ntchito zinachoka m'dziko muno kalekale, ndipo palibe imene inasungidwa. Anaziphwasula. Koma a Ian anali atalemba bwinobwino zonse zimene anamva tsiku lija n'kuziika m'faelo ya ndegeyo, pamodzi ndi nkhani za anthu ena amene anagwirapo ntchito m'ndege zotere, ndipo ankapempha chithunzi ngati chilipo. Chinalipo chimodzi, chodyeka ndi chiswe pangodya: atsikana awiri a zipewa zing'onozing'ono ataima pamasitepe, dzuwa likuwathobwa m'maso. A Salome anachijambula ndi foni ali pachulu paja. Anauza Sheila kuti dzina la Janeti lilembedwenso, osati lawo lokha. Sheila anati adzawatengera ku Mangalande akaione okha ndegeyo. Iwo anati chabwino, tikakolola. Anakolola, anadzalanso, mapepala aulendo osatheka.

Chaka chotsatira, tsiku lonyamuka a Zubeda litafika, Akram anasiyira a Salome malo m'galimoto. Anadutsa Dedza kukali chifunga, n'kufika kubwalo la ndege ku Lumbadzi dzuwa litakwera. A Salome anali asanalionepo bwalo limeneli, chifukwa analitsegula iwo atasiya kale ntchito. A Zubeda, atavala zoyera, anawagwira dzanja mwamphamvu pakhomo lolowera apaulendo okhaokha.

"Masiwiti ali m'chikwama?" anafunsa a Salome.

"Alimo."

"Pazenera."

"Pazenera. Ndikakupemphererani kumeneko."

Operekeza anakwera pamwamba, pamalo oonera ndege. Ndege ya a Zubeda inali yaikulu kuposa Vaikaunti kawiri kapena katatu, yopanda mapulopela, timazenera take ting'onoting'ono ngati mabatani a malaya. Sinaimbe mluzu. Inangobangula, n'kuthamanga, n'kudzuka, ndipo posakhalitsa inali kadontho kumpoto. Achibale a a Zubeda anakupiza manja mpaka atatopa, n'kuyamba kutsika mmodzimmodzi.

A Salome anatsala atagwira chitsulo cha m'mphepete. Pansi, anyamata a malaya owala ankakoka ngolo zopanda katundu. Mphepo inabweretsa kafungo ka mafuta otentha, iwo n'kukoka mpweya pang'onopang'ono.

Akram anabwerera kudzawatenga. "Azakhali, tiyeni. Ntcheu ndi kutali."

"Ina ifika nthawi yanji?"

Akram anapita kukafunsa, n'kubwera. "Akuti cha m'ma 2 koloko."

A Salome anayang'ana wotchi ya pafoni. Inali isanakwane 1 koloko. Anamuyang'ana Akram, bambo wa ana atatu amene anali ndi shopu yoti akatsegule, ndipo anachita manyazi kupempha.

Akram anapukusa mutu akumwetulira, n'kukoka mipando iwiri. "Khalani, azakhali. Ndikagule zakumwa."