Hafu ya Nkhuku

Ainsipekita anabwera kwa mwana wawo ati kudzangokhala milungu ingapo, podikira kuti denga la nyumba yawo likonzedwe. Denga linakonzedwa, nyumbayo anaichititsa lendi, koma eni ake sanasunthe. Anali atapuma ntchito kukampani ya mabasi kumene ankayendera matikiti, ndipo kuyenderako anabwera nako m'sutikesi. Ankavundukula mapoto, kununkhiza matawulo, kupititsa chala pamwamba pa kabati n'kuchiyang'ana ngati chabweretsa uthenga wa maliro.

Amene ankayenderedwa anali mkazi wa mwana wawoyo, amake mapasa. Mayiyu ntchito yake inali kukhala nkhuku. Palesitilanti ina yogulitsa nkhuku yokazinga ndi tchipisi, pafupi ndi maloboti, ankavala chisuti chachikasu cha nthenga ndi chimutu chachikulu, n'kumavinavina pakhomo kuitanira makasitomala. Ankaonera pakaneti ka m'kati mwa mlomo. Pofika madzulo mawondo ankakhala akulira, thukuta lili chuchuchu mpaka m'nsapato.

Mtima wake unali pamakina osokera amene anagona pakona pabalaza. Anthu ankamufunsa makatani, iye n'kumangolonjeza. Akanatha kupempha kuti azigwira theka la tsiku, koma theka linalo akanakhala pakhomo ndi ndani? Ndi Ainsipekita, wailesi yawo, ndi chala chawo chija.

Nzeru inamupeza ali m'chisutimo, akukupiza mapiko kwa basi yodutsa. Anaima chilili mpaka kasitomala wina anafunsa ngati nkhukuyo yadwala chitopa.

Mmawa mwake anagogoda kuofesi ya amanijala, mayi wachitsikana wa magalasi amene ankalankhula akuyang'ana pafoni.

"Madamu, ndimati ntchito yangayi tizigawana anthu awiri. Wina mmawa, wina masana."

"Nkhuku yathu ndi imodzi, mayi. Sigawika."

"Sigawika? Tangoonani pabolodi apo. Hafu ya nkhuku, kota ya nkhuku, ntchafu payokha, phiko palokha. Tsiku lonse mumakhalira kugawa nkhuku. Ine ndekha ndiye ndikhale yathunthu?"

Amanijala anaika foni pansi, n'kuvula magalasi kuti aseke bwino.

"Chabwino. Koma mverani. Malipiro ndi omwewo, mugawana nokha. Munthuyo akhale wa msinkhu wanu, sindigula suti ina. Nkhuku siyankhula, ngakhale wina aiponde. Ndipo pakhomopo pasadzakhale popanda nkhuku ngakhale tsiku limodzi. Muli naye kale munthuyo?"

"Alipo. Kungoti sanadziwebe."

Madzulo akudya, amake mapasa anayamba kudandaulira mwamuna wake, pulambala wofatsa amene ankakonda mtendere kuposa nyama. Ankalankhula ndi mwamunayo, koma mawu ankawaponyera kumpando wa kumapeto.

"Andilola kupeza wogawana naye ntchito, koma ndimupeza kuti? Achinyamata a masiku ano kuima pang'ono ayamba kufuna mpando. Achikulire ndiye ayi, sangaithe. Imafuna munthu wa miyendo yolimba, wodziwa kuyang'anira chigulu."

"Kuima?" Ainsipekita anaika supuni pansi. "Apongozi, inu mukudziwa kuima? Ine ndaima m'mabasi odzaza, basi ikukhota, dzanja lina lili ndi tikiti, lina lagwira kolala ya wozemba kulipira. Kungoti ntchito yovala nthenga si ya munthu wa ulemu wake."

"N'zoona, bambo, si ya inu. Ngakhale kukoma kwake n'komweko, kuti palibe amakuzindikira. Ngati bambo aja a dazi, oyenda chotsimphina pang'ono, aja ankayang'anira kudepoti kwanu. Amadutsa masana aliwonse. Ine ndimawatsatira pambuyo n'kumayenda ngati iwo, msewu wonse kufa nako kuseka. Iwo amangoti ndi nkhuku."

Bambo a daziwo ndi amene anakaniza Ainsipekita kukwezedwa, nkhani imene aliyense m'nyumbamo ankaidziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Mkuluyo anatafuna kwa kanthawi osameza.

"Masana aliwonse?"

"Salephera."

"Hmm. Mchere wachepa m'ndiwomu," anatero, koma mawu ake analibe mphamvu ya masiku onse.

Patapita masiku, amake mapasa akutuluka, anapeza apongozi ake ali pakhonde atavala jekete ndi tayi, nsapato zili waliwali.

"Ndikungofuna kukaona mmene malowo amayendetsedwera," anatero akuyang'ana kumbali.

Muofesi muja Ainsipekita anakhala pampando asanauzidwe, n'kupinda mwendo.

"Mwana wanga," anayamba, amanijala n'kukweza nsidze. "Ndikalola kuthandiza pano, pali zofunika kukonza. Choyamba, ine nditenga mmawa."

Amake mapasa anawatembenukira msanga. Mmawa ndiye unali wake. Mmawa suti imakhala youma, dzuwa lisanakwiye. Wa masana amalowa m'thukuta la mnzake.

"Koma bambo, a dazi aja amadutsa masana."

"A dazi ati?" anafunsa amanijala.

"Kasitomala wina wokonda nkhuku," anayankha onse awiri pamodzi, n'kuyang'anana modabwa.

Ainsipekita anasisita chibwano. "Chabwino, masana. Koma ngati ndikulowa m'suti yonyowa, ndikufuna kansalu kangakanga ka m'kati mwa mutu. Komanso fani m'chipinda chosinthira, yoti izipemerera sutiyo ndisanalowe. Ndipo pabaji yanga palembedwe kuti Nkhuku Yaikulu."

"Nkhuku sivala baji, bambo."

"Ndizivalira m'kati."

Amanijala anavomera kansalu, anavomera fani yakale ya m'sitolo, baji anati aliyense ali ndi ufulu wodzilembera zimene akufuna m'kati mwa nthenga. Amake mapasa anangoti kukamwa yasa. Fani imeneyo anaipempha kangapo konse osapatsidwa.

"Tsopano zanga," anatero amanijala akumwetulira ngati mphaka. "Zipi ya sutiyo ili kumsana, munthu sangadzitseke yekha, ndipo ophika anga sachoka pamoto kukavalika nkhuku. Wotuluka azivalika wolowa. Muzikumana masana aliwonse m'chipinda chosinthira, kuuzana mmene msewu ulili, kenako wina azipita."

"Tsiku lililonse?" anafunsa amake mapasa.

"Pali vuto? Si inu apachibale?"



Kuyesedwa kunachitika tsiku lomwelo. Mkuluyo anavula jekete ndi tayi, n'kuzipinda mwaulemu ngati akuziika m'bokosi, kenako analowa m'suti ndi shati ndi buluku lake. Zipi inakakamira pakati pa msana, pamene thupi linali lokhuta bwino.

"Pumirani m'kati, bambo."

"Ndapumira kale. Kokani mwanzeru, si thumba la makala ili."

Chimutu chitatsika, mawu anazima. Amake mapasa anamva kukoma kwachilendo: kwa nthawi yoyamba apongozi ake anali pamaso pake koma osatha kunena kanthu.

Panja nkhukuyo inaima njo, mapiko kumbuyo, ikuyang'ana odutsa mmodzimmodzi. Mnyamata wina wa paofesi atatuluka ndi kapepala ka tchipisi, inamutsekera njira n'kutambasula phiko. Munthuyo, mosadziwa chochita, anaipatsa lisiti. Nkhuku inaliyang'ana mbali zonse, inagwedeza mutu, n'kumulola kudutsa.

"Mayi, munthu wanuyu andithamangitsira makasitomala," ananong'ona amanijala pazenera.

Koma apo sipika ya pakhomo inasintha nyimbo, n'kuika ina yakalekale ya magitala. Phazi la nkhuku linayamba kugunda pansi. Kenako chiuno. Kenako nkhuku yonse inatsetsereka chammbali, inazungulira, n'kugwada ndi bondo limodzi patsogolo pa mayi wina wonenepa wonyamula ambulera, phiko lili pamtima. Mayiyo anakuwa, anaseka, n'kulowa kukagula hafu. Madalaivala pamaloboti anaiwala kuti kwayaka gilini.

"Ayambe Lolemba," anatero amanijala.

Zinthu zinayenda monga amake mapasa anafunira. Masana pabalaza pankalira makina osokera okhaokha, makatani akutuluka, mapoto ali ovundikira mmene anawasiyira. Chovuta chokha chinali chipinda chosinthira chija. Masiku oyamba Ainsipekita ankayendera suti asanalowe.

"Nthenga ya kumchira yapindika. Mumakhala pansi nthawi ya ntchito?"

"Ndi mwana wasukulu anakoka, bambo."

"Mukanamujompha."

Koma anthu amalankhula pafupi ndi nkhuku ngati ali pafupi ndi mtengo. Amayimba mafoni, amakangana, amanamizana. Tsiku lina akukoka zipi, amake mapasa analephera kupirira.

"Bambo, telala wa patsidyayo mwamuona? Mmawa uno amauza mkazi wake pafoni kuti ali kuchipatala, chonsecho ali pamzere wa tchipisi ndi ka mtsikana ka kusaluni."

Chimutu chinali chisanatsike. Maso a Ainsipekita anawala.

"Ka tsitsi lofiira? Ndiye ka mtsikanako masana kamabwera ndi wapolisi wa pamsewu!"

"Ayi!"

"Ndikunama ine? Amagula kota imodzi n'kumadyetsana."

Kuyambira pamenepo kusinthana kuja kunayamba kutalika. Wa mmawa ankabweretsa mutu wa nkhani, wa masana n'kudzapeza mchira wake. Amanijala anafika pomagogoda chitseko: "Pakhomo palibe nkhuku!" Kunyumba, pulambala uja ankadabwa kuona bambo ake ndi mkazi wake akuseka mpaka misozi munthu akangotchula mawu oti chipatala.

Tsiku lina mkuluyo, atalowetsa mwendo umodzi m'suti, anati: "Apongozi, a dazi aja sindinawaonebe."

Amake mapasa anayamba kukonza nthenga zosafunika kukonza. "Mwina asintha njira."

"Anasintha kalekale. Anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ine ndisanabwere n'komwe kwanu. Ndinawaperekeza ndi maso anga, ali pamwamba pa katundu m'lole."

"Ndiye munavomereranji?"

"Inu mumaganiza kuti kununkhiza matawulo n'kosangalatsa? Munthu ndinkangodikira wondipempha. Koma bodza lanu linali losokedwa bwino, ndinachita nalo ulemu. Kokani zipi."

Mlungu wotsatira kasitomala wa makatani anati abwera mmawa kudzayesa, choncho awiriwo anasinthana: mkuluyo mmawa, amake mapasa masana. Pulambala anali atalawirira kuntchito ndipo palibe anakumbuka kumuuza.

Chakumasana pang'ono, ntchito yake inamudutsitsa pamaloboti paja. Anaona nkhuku ikupuma pamthunzi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira ndi chikwama chake cha masipanala.

"Kankhunda kanga," ananong'oneza pakaneti ka mlomo. "Watopa eti?"

Nkhuku inaima duu.

"Usayankhe, ndikudziwa lamulo. Tamvera. Abambo masana ano akhala kuno, ana ali kusukulu. Ine ndithawa kuntchito msanga. Nyumba yonse ikhala yathu, wopanda mdala woyendera mapoto." Anaseka. "Komatu mdala ameneyu wanenepa, wamuona? Akamavina amangokhala ngati thumba la mbatata lagwa pa njinga."

Anamenya nkhuku kambama kachikondi pamchira, n'kumapita akuimba mluzu. Nkhuku inamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako inakweza phiko pang'onopang'ono n'kumubayibitsa.

Atafika kunyumba masana, atagula ndi maluwa omwe, anapeza bambo ake ali pabalaza ndi wailesi yawo, miyendo ili patebulo. Makina osokera anali ovundikira.

"Amake mapasa ali kuti?"

"Kuntchito. Tinasinthana lero." Ainsipekita anatsitsa wailesi. "Maluwawo ndi anga?"

Pulambala anayang'ana maluwa, anayang'ana bambo ake, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti pali mpope wina wotayikira kutsidya kwa tauni.

Madzulo anabwera mochedwa, chakudya chili kale patebulo. Anakhala pansi osakweza maso. Mkazi wake anali ataika maluwa aja m'botolo pakati penipeni pa tebulo, ndipo mapewa ake ankagwedezeka ngakhale nkhope inali ya kumapemphero. Mapasa ankangoyang'ana uku ndi uku.

Anayamba kudya. Kenako Ainsipekita anakankhira mbale ya ndiwo kwa mwana wawo.

"Idya, kankhunda kanga," anatero mokoma mtima. "Watopa eti?"

Amake mapasa anathawira kukhitchini ndi madzi m'kamwa. Mapasa anafuna kudziwa chifukwa chake agogo akutchula adadi kuti nkhunda, ndipo agogowo anapukuta pakamwa, anakhala bwino pampando, n'kuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi.