Dimba la Nthochi la Sebastiano

Geresomo analakwira mlamu wake Sebastiano m'chaka cha 1984, nyengo yokolola mapira, ndipo anachita zimenezi akumwetulira.

Sebastiano anali ndi dimba la nthochi kwa Tengani, m'mbali mwa Shire. Chaka chimenecho anatupa miyendo, mtima n'kumagunda modumphadumpha, mpaka anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Geresomo anamuperekeza chifukwa ankadziwako Chingerezi cha kumunda wa nzimbe.

Dokotala anali mzungu. Atayeza magazi anati impso zafooka, ndipo mchere wina wotchedwa potaziyamu wachuluka m'magazi, ungathe kuimitsa mtima. Geresomo ankamasulira: nthochi asadye, chidulo asalawe, mbatata azizidula tizidutswa, aziziwiritsa n'kutaya madzi ake. Kenaka anawonjezerapo zake.

"Akuti ngakhale m'dimba musapondemo, alamu. Fungo lokha la nthochi limalowa m'magazi. Koma musadandaule, ndizikusamalirani ine."

Sebastiano anathokoza ndi manja awiri.

Kunyumba mkazi wake Otilia, mlongo wake wa Geresomoyo, anataya mbale yosefera chidulo. Therere linayamba kubwera lokhakhala ngati udzu wa mbuzi, Sebastiano n'kumadya akung'ung'udza. Popita kumtsinje ankalambalala dimba lake atatsina mphuno, amayi otunga madzi n'kumaseka.

Koma anachira ndithu. Miyendo inaphwa, njinga anayambanso kupalasa.

Pepala la dokotala ankalisunga m'chitini pamodzi ndi khadi la chipani. Tsiku lina analionetsa kwa wachipatala wa kufupi ndi kwawo. Munthuyo anawerenga kawiri, naseka mpaka kupukuta misozi. Anati pepalalo likuletsa kudya basi, za fungo mulibe.

Sebastiano analunjika kudimba, mphuno ili poyera. Anapeza Geresomo akumangirira mikoko iwiri pa njinga.

"Alamu, m'pepala muja mulibe fungo."

Geresomo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwabwera wapansi, osapumira panjira? Inu amene chaka chatha tinachita kukunyamulani? Ndiye mukufuna mubwererenso ku nthochi?"

Sebastiano anakadandaula kwa Otilia. Iye anayankha akutsanula madzi a mbatata kuti sangalole kukhala wamasiye chifukwa cha pepala, popeza munthu wosamalira nthochi salephera kubudulako imodzi.

Magazi a Sebastiano akapita kukayezetsa amapezeka ali bwino. Geresomo Loweruka lililonse amakagulitsa nthochi zija ku Bangula.