Tsiku Limene Ndinalanda Bambo Sizasi

Bambo anasoka zovala zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi, kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Munali makina awiri opalasa ndi mapazi, awo ndi anga, ndi benchi ya makasitomala. Munthu ankabwera ndi thalauza long'ambika n'kukhala mpaka masana akungocheza. Ndalama zinali zochepa, koma sitinagonepo ndi njala.

Ndine ndinakapeza ntchito ya mayunifolomu. Aphunzitsi aakulu a sukulu ina ankafuna malaya mazana atatu sukulu isanatsegulire.

"Mazana atatu?" anatero Bambo, akundisuzumira pamwamba pa magalasi. "Ana onsewo ndi a mayi mmodzi?"

"Tilemba anthu, Bambo. Tisamuka muno."

"Mwanangu, kuthamanga si kufika."

"Nanga kukhala pansi ndiye kufika?"

Anaseka, n'kundilola. Tinapeza chipinda chachikulu chakumsewu, ndinalemba atelala anayi, makina amagetsi n'kuyamba kulira tsiku lonse. Benchi ija inasowa malo. Obwera ndi zigamba ndinkawauza kuti abwere mwezi wamawa, ndipo ambiri sanabwerenso.

Bambo ndinawapatsa tebulo lodulira nsalu, poti pa sizasi panalibe wowaposa. Koma iwo anazolowera kudula chovala chimodzi, cha munthu amene akumudziwa mapewa ake. Apa ankadula nsalu khumi zosanjikiza, wina ataima kumbuyo kwawo kudikira.

Lachinayi lina, mayi wamkulu mwa atelala aja anandiitanira pambali n'kundionetsa manja a malaya. Onse makumi anayi anali ofupika ndi zala ziwiri.

"Si koyamba, abwana," ananong'ona. "Takhala tikuwabisira. Maso awo atha."

Nsalu inatsala yochepa, masiku anatsala asanu okha. Mtima unandiphulika. Ndikanatha kudikira kuti anthu aweruke, koma sindinadikire. Ndinapita pa tebulo lawo onse akuona.

"Bambo, bweretsani sizasi."

"Ndalakwitsa penapake?"

"Ingobweretsani. Mukapume kunyumba."

Makina onse anangoti zii. Bambo anapukuta sizasiyo pa malaya awo, n'kundipatsa chogwirira chili kwa ine, mmene anandiphunzitsira ndili wamng'ono. Anavula tepi yoyezera m'khosi, kuipinda bwinobwino, kenako anatsanzika aliyense pamakina pake.

Mayunifolomu tinawapereka pa tsiku lake. Masukulu ena awiri atamva anabwera okha. Ndinavomera imodzi, inayo ndinaikana, chifukwa ndinali nditaona zimene changu chimachita. Koma nzeruzo zinandipeza mochedwa.

Amayi anandiuza kuti Bambo amadzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala jekete, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa litawathamangitsa. Ndinawatengera kwa dokotala wa maso, amene anangowasinthira magalasi. Pobwerera, tili m'basi, ndinalimba mtima.

"Ndakukonzerani malo pakona, Bambo. Muzikasoka zigamba ndi mabatani basi. Anthu anu akukufunsani."

"Wandifunsa ndani?"



Anandigwira dzanja. "Usadzivute, mayi. Mwana akakula, malaya akale samukwana. Wachita bwino."

Ndikanakonda akanandikalipira.

Patapita miyezi itatu Bambo anabwera kushopu osandiuza. Ine ndinali nditapita kokagula nsalu. Akuti anaima pakhomo nthawi yaitali, akumvetsera makina. Telala wina amene ndinali nditangomulemba kumene anawafikira mwaulemu wonse.

"Agogo, tikuthandizeni? Zigamba tinasiya kulandira."

"Ayi, mwanangu," anayankha Bambo. "Ndimangodutsa."

Mayi wamkulu uja atadzutsa mutu n'kuwazindikira, anathamangira panja, koma Bambo anali atakhota kale pakona. Nditafika ndinamupeza akulira pamakina pake, ndipo ndinayamba ndamufunsa katatu asanandiuze.

Madzulo ake ndinapita kunyumba. Ndinawapeza Bambo akusokerera batani pa diresi la Amayi, nsalu ataiyandikitsa pamphuno. Za kushopu sanatchule, inenso ndinalephera kuziyamba. Anangondipempha kuti ndiwalowetsere ulusi pa singano.